Mwaika ekizozi yatsopano pa snowmobile ndiye ikutsamwa kapena ikudya mapulagi? Tiyeni tione majeti

Pisitoni yomwe ndinawotcha nyengo yanga yachiwiri ndili ndi snowmobile sindinataye, ili pa shelefu mu galaja pafupi ndi chitini cha mabawuti. Mbali yoyang'ana ku ekizozi inasungunuka ngati kandulo, ring'i inakanirira mumsewu mwake momwemo, ndipo pamwamba pake ndi poyera mbee komanso pokakala ngati wina anapakwecha ndi mchenga. Inafera pa Lake Winnipeg mu Januwale, tsiku lozizira cha m'ma -28 °C, patangotha masabata awiri ndithu chiikireni paipi yatsopano ya ekizozi. Chomwe chimandipweteka mpaka lero n'choti mphindi zisanu isanafe, snowmobile ija inkathamanga kuposa tsiku lina lililonse chiigulireni. Ndinkaseka ndekha mu helimeti kuti ndalama yanga yagwira ntchito. Kenako phokoso linangosintha, mphamvu zii, ndinabwerera kunyumba mondikoka ndi chingwe.

Kwa abale amene muli kumudzi ndipo simunaionepo, snowmobile ndi ngati njinga yamoto yoyenda pa chipale, kutsogolo ili ndi maski awiri, kumbuyo lamba wamkulu wa rabala yemwe amakankha. Kuno ku Canada amangoti sledi. Faya yake simupotokola ngati pa njinga ya kabaza ayi, mumakanikiza ndi chala chachikulu. Zatsopano zambiri masiku ano ndi za injection, kompyuta ndi imene imayeza mafuta, koma zakale za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa 2000, zomwenso ambirife timakwanitsa kugula, ndi za two-stroke, injini zoyaka moto nthawi iliyonse pisitoni ikakwera, zokhala ndi makabureta, nthawi zambiri a Mikuni, zina a Keihin. Kaya ndi Ski-Doo, Polaris, Arctic Cat kapena Yamaha, nkhani yake ndi imodzimodzi.

Paipi si chitoliro chotulutsira utsi chabe

Apa ndi pamene ine ndinaphonya. Pa galimoto kapena njinga ya four-stroke ukasintha ekizozi, kwambiri chimasintha ndi phokoso. Pa two-stroke, chimimba chija chotukuka pakati n'kumaonda kumapeto ndi mbali ya injini yeniyeni. Utsi ukatuluka mu silinda umapanga funde, gawo lotambasuka la paipi limakoka utsi wotsala pamodzi ndi mpweya watsopano, kenako gawo lopanikizika kumapeto limabweza funde lija n'kukankhira mpweya ndi petulo zomwe zinathawira mu paipi kubwerera mu silinda doko, lomwe ndi bowo la pa khoma la silinda, lisanatsekeke. Paipi yabwino yogula padera imachita zimenezi mwamphamvu kuposa ya ku fakitale, ndiye silinda imadzaza kwambiri, moto umakula, kutentha kumakwera. Kabureta ilibe nzeru yodziwa kuti zinthu zasintha, imangopereka monga mwa bowo la jeti lomwe lilipo, jetiyo ndi kabawuti kakang'ono koboola pakati komwe petulo amadutsira. Ndiye injini imakhala ndi njala ya petulo, azungu amati lean. Ndipo pa two-stroke petulo sangoyaka basi, amaziziritsanso pisitoni. Mukamuchepetsa mwachotsa chozizira pamene moto mwauwonjezera. Zili ngati mbaula, ukaikupiza makala amayaka bwino zedi koma ukapitiriza chitsulo chomwe chimafiira.

N'chifukwa chake injini ya njala imanyenga. Imalira mokoma, imadumpha ukangokhudza faya, utsi wochepa. Yokhuta kwambiri, rich, ndi yaulesi, imabwebweta, imanunkha, imadetsa mapulagi, koma siifa. Pulagi ndi ndalama yochepa, pisitoni ndi silinda yokandika ndi ndalama yoti mkazi wako akufunse mafunso. Choncho lamulo langa ndi limodzi, yambani yokhuta ndipo muzitsika pang'onopang'ono, osati kuyamba ya njala n'kumakwera.

Koma tisiyanitse kaye. Pali amene asintha kachitini ka kumapeto kokha, kaja kochepetsa phokoso kamene amati can. Kameneka kawirikawiri kamangochepetsa kulemera n'kuwonjezera phokoso, majeti nthawi zambiri sasintha kwenikweni ngakhale kuyang'ana mapulagi ndi kofunikabe chifukwa ma can ena amasintha mmene paipi imagwirira mpweya, ena mpaka amadya mphamvu m'malo mowonjezera. Ndiye pali amene asintha paipi yeniyeni, kaya imodzi, kaya awiri pa injini ya masilinda awiri, kaya atatu pa zija za masilinda atatu. Inuyo ndi amene nkhaniyi ikukukhudzani kwambiri. Opanga mapaipi odziwika amaika pepala m'bokosi lonena majeti, malo a singano ya mu kabureta ndi zosintha pa kilatchi. Pepala limenelo ndi poyambira. Ngati munagula paipi yakale kwa munthu ngati mmene ndinachitira ine, yopanda pepala, funani nambala yomwe inadindidwa pa paipiyo muwafunse opangawo musanayende.

Musanakhudze jeti ngakhale imodzi

Madala ena oyandikana nawo nyumba, omwe akhala akukonza masledi kuyambira ine ndisanabadwe, ndi amene anandithandiza kumanganso injini ija, ndipo tsiku loyamba anakana kuti titsegule kabokosi ka majeti. Anati tiyambe taona ngati injini ikuba mpweya. Anali ndi mfundo. Mpweya ukamalowa mozemba kabureta, mutha kuika jeti yaikulu bwanji koma silinda imeneyo idzapsabe. Malo ake ndi odziwika: marabala olumikiza kabureta ku injini amang'ambika ndi ukalamba ndi kuzizira, mng'alu wake umabisala pansi kapena m'mapindiko ndiye muwachotse muwapinde ndi manja pa kuwala. Kenako masilo, marabala otseka m'mapeto mwa crank, makamaka la mbali ya kilatchi, ndi gasiketi ya pansi pa silinda. Njira yodalirika ndi kutseka ku kabureta ndi ku ekizozi n'kupopera mpweya pang'ono, cha m'ma 5 psi, n'kuona ngati geji ikutsika. Ikatsika, madzi a sopo akuonetsani thovu pamene pakutuluka. Chizindikiro cha msanga cha mpweya wakuba ndi injini yomwe ukasiya faya imachedwa kutsika, imangolirabe m'mwamba kwa kanthawi, komanso pulagi imodzi yoyera inzake ili bwinobwino.

Chachiwiri makabureta akhale oyera, ndipo ndikunena kutsuka kwenikweni kochotsa jeti iliyonse n'kuyang'ana kuwala kudutsa pa bowo. Sledi imagona miyezi isanu ndi iwiri kapena isanu ndi itatu osalira, petulo wotsalira amauma n'kusiya zomatamata zobiriwira, ndipo pilot jet, kajeti ka pa faya yochepa, bowo lake ndi laling'ono kwambiri moti imatsekeka msanga. Musalowetsemo waya wachitsulo, jeti ndi ya brass yofewa, mukakulitsa bowo nambala yolembedwapo yasanduka bodza. Onaninso msinkhu wa float, kachoyandama ka m'kambale ka petulo pansi pa kabureta, malinga ndi buku la sledi yanu, ndi timapulanja ta choko kuti tikukhala pansi bwinobwino. Waya wa choko ukakhala wokoka kwambiri, silinda imodzi imamwa petulo wowonjezera nthawi zonse, inu n'kumachepetsa jeti kuthamangitsa vuto lomwe kulibe.

Palinso njala ina yosachokera ku jeti. Pampu ya mafuta pa masledi awa imayenda ndi kapaipi kochokera ku crankcase, kakang'ambika kapena fyuluta ya mu thanki ikatsekeka, sledi imanyamuka bwino koma pakapita masekondi angapo muli pa faya yonse imafooka chifukwa timbale ta kabureta tauma. Ukasiya faya pang'ono n'kubwereranso, mphamvu yabwera. Imeneyo si jeti, jeti yolakwika imalakwika nthawi yomweyo, siidikira. Mavalavu a ku ekizozi nawonso, amene Rotax, yopanga injini za Ski-Doo, imati RAVE, Polaris VES, Arctic Cat APV, akamatirira ndi mwaye injini siifika pamwamba ndipo munthu amanamizira kabureta. Pomaliza onani pamene paipi yatsopanoyo yalumikizana ndi injini, masipuling'i akhale olimba, pakamatuluka oyilo wakuda pamenepo ndiye kuti pakudontha ndipo funde lija likusokonekera. Bokosi la mpweya lisiyeni mmene liliri. Kuboola bokosi tsiku lomwelo lomwe mwaika paipi ndi kusintha zinthu ziwiri nthawi imodzi, mukadzapsa simudzadziwa chakuphani.

Chala chanu ndi chimene chikuuzeni kuti vuto lili pati

Kabureta siyang'ana liwiro, imayang'ana kuti faya yatseguka bwanji. Kuyambira pa idle kufika cha pa kota, olamulira ndi pilot jet ndi ka screw kake. Kuyambira kota kufika magawo atatu mwa anayi ndi singano pamodzi ndi kachubu komwe imalowamo. Kuchoka pamenepo kufika faya yonse ndi main jet. Zimalowererana m'malire koma chithunzi chake ndi chimenecho. Ine ndinamata tepi pa chogwirira n'kujambula timizere ta kota, theka ndi magawo atatu, chifukwa ukavala magolovesi okhuthala chala chimanama, umaganiza uli pa faya yonse pamene uli pa theka. Sledi ikatsamwa yang'anani kamzere, mwadziwa kale koyambira.

Phunziraninso kusiyanitsa kutsamwa kuwiri ndi khutu. Ya njala imachita ngati yapuma, bwooo mopanda kanthu mkati ngati mafuta atha, kenako n'kudzidzimuka. Yokhuta imachita bulubulubulu, ikugwedezeka ndi utsi, kenako ikayeretsa kukhosi n'kunyamuka. Mukakayika gwiritsani ntchito choko, ikamatsamwa kwezani choko pang'ono kwa kamphindi. Ikachira, inali ndi njala. Ikaipiraipira, inali yokhuta kale.

Main jet, yomwe aliyense amathamangira

Ma main jet a Mikuni a makona asanu ndi limodzi amamasulidwa ndi kasipanala ka 6 mm, ndipo pa makabureta ambiri mumafikira pongomasula chotsekera cha pansi pa kambale osachotsa kabureta yonse. Manambala ake kupitirira 200 amakwera ndi 10, 380, 390, 400 choncho. Nambala imeneyi ikunena za kuchuluka kwa mafuta odutsa, pamene ya Keihin ndi ya Mikuni yozungulira ikunena za kukula kwa bowo, ndiye musafananize manambala a mitundu yosiyana, ndipo majeti otchipa opanda chizindikiro cha kampani ine ndinasiya kugula chifukwa awiri olembedwa nambala imodzi amatha kusiyana.

Ngati mulibe pepala, kwerani masaizi atatu kapena anayi pamwamba pa ya ku fakitale, kunena kuti ngati munali pa 400 yambani cha pa 430 kapena 440. Masledi ena anachoka ku fakitale jeti ya silinda ya mbali ya kilatchi, yomwe amati PTO, ili yosiyana ndi ya mbali ya magineto, MAG. Kusiyana kumeneko kusungeni, ndipo musasokoneze kuti iti inali kuti. Ikani mapulagi atsopano a nambala yoyenera, ambiri amagwiritsa NGK BR9ES koma onani buku lanu. Tenthetsani injini mokwanira, chifukwa kukanikiza faya yonse injini ili yozizira kumakulitsa pisitoni silinda isanakule ndipo imagwira ngakhale majeti ali olondola. Pezani malo aatali owongoka opanda anthu, ngati ndi pa nyanja mutsimikize kuti ayezi ndi wokhuthala, chingwe chozimitsira chikhale chomangidwa pa jekete. Kanikizani faya yonse kwa masekondi ngati khumi, ndiye zimitsani injini chala chikadali pa faya, muime ndi buleki. Mukailola kuti itsike n'kulira pa idle, pulagi ikuuzani nkhani ya pilot jet osati ya main.

Masulani mapulagi onse. Mtundu womwe mukufuna ndi wa tiyi wothira mkaka, kapena katoni. Yakuda yonyowa, tsikani saizi imodzi muyesenso. Yoyera ngati choko cha m'kalasi, imani pomwepo mukwere masaizi awiri. Mukaona timadontho tonyezimira ngati siliva pa dongo loyera la kunsonga kwa pulagi, imeneyo ndi aluminiyamu ya pisitoni yanu yomwe, musayendenso mpaka mutadziwa chifukwa. Vuto la mapulagi n'loti petulo wa masiku ano sapaka mtundu msanga, pulagi yatsopano imatha kuoneka yoyera pamene zonse zili bwino, ndiye muyang'ane mkati mwenimweni pansi pa dongolo ndi tochi, komanso muyende kangapo.

Madala aja amakhulupirira pisitoni kuposa pulagi, ndipo anandionetsa ndi katochi kopindika kolowa pa bowo la pulagi. Mumatsitsa pisitoni pansi n'kuyang'ana pamwamba pake. Pakati pamakhala mwaye wakuda kapena wofiirira, koma m'mbali, pamene petulo watsopano amatulukira kuchokera m'madoko, pamakhala timalo totsukika toyera. Timalo timeneto tikakhala ngati chikhadabo cha chala, muli pabwino. Tikakhala tatikulu kulowa mpaka pakati, yakhuta kwambiri. Tikasowa, mwaye wouma wafika m'mphepete monse, muli pa ngozi ngakhale pulagi ikuoneka yokongola. Chithunzi chimenechi chimatenga makilomita angapo kuti chikhazikike, sichisintha pa ulendo umodzi, koma sichinama.

Ndipo mukamasintha majeti panja, yalani nsalu pansi pa kabureta. Jeti ikagwera mu chipale yapita, ndinakumbapo ndi manja pa -20 kwa theka la ola, ndinakaipeza mu Epulo chipale chitasungunuka pa bwalo.

Singano, yomwe inandipha ine

Tsiku lija pa nyanja sindinali pa faya yonse ayi. Main jet ndinali nditakweza kale masaizi awiri, ndinkadziona wochenjera. Ndinali pa theka kupitirira pang'ono, liwiro limodzi, kwa makilomita ambiri osasintha chala. Pamenepo main jet ilibe ulamuliro wonse, wogwira chipata ndi singano, ndipo singano sindinaikhudze. Apa ndi pamene masledi ambiri a mapaipi amafera, chifukwa anthu amayesa faya yonse yokha pamene tsiku lonse amayenda pa theka. Pa faya ya pakati petulo wolowa ndi wochepa, pampu ya oyilo nayo ikupereka mocheperapo, nthawi ya moto pa mainjini ambiri imakhala yotsogola, paipi yatentha, zonse zakumana.

Singano ili ndi timipata tisanu kumutu kwake ndi kakilipi kokhala pa kamodzi mwa timipatato, timawerenga kuchokera pamwamba. Apa anthu amasokonezeka ndiye ndinene pang'onopang'ono. Mukatsitsa kilipi, singano imakwera, petulo amachuluka. Mukakweza kilipi, singano imatsika, petulo amachepa. Mukaika paipi, tsitsani kilipi kampata kamodzi musanayende n'komwe, ngati inali pa 3 ipite pa 4. Kawasha ka pulasitiki komwe kamakhala pansi pa kilipi pa makabureta ena kabwerere pamalo pake, kakasowa singano yatsika osadziwa. Ndipo kakilipi kameneka kamauluka, kachotsereni mkati mwa jumbo yoonekera.

Kuyesa kwake ndi chimodzimodzi ndi main, kungoti mumagwira chala pa theka, kuzimitsa, kuwerenga, kenako pa magawo atatu mwa anayi, kuzimitsa, kuwerenga. Mukamva ngati timiyala tikugubuduka m'chitini, kumeneko ndi kuphulika kosalongosoka komwe amati detonation, siyani faya nthawi yomweyo. Ngati mwafika pa kampata komaliza njala ikadalipo, pakufunika singano ya mtundu wina kapena kachubu kokulirapo, osati kukulitsa main mpaka faya yonse izibwebweta. Mukamabwezera mu kabureta ma slide, tizitseko tomwe waya wa faya amakoka, onetsetsani kuti onse akunyamuka nthawi imodzi ndipo mukasiya faya akugwa ndi kaphokoso ka kho. Slide yokanirira pa sledi ndi ngozi yeniyeni. Waya wa faya ukhalenso ndi kampata koyenera, chifukwa masledi ambiri ali ndi switchi yoteteza yomwe imadula moto ikaganiza kuti faya yakanirira, ndipo kudula kwakeko kumamveka ndendende ngati vuto la majeti.

Mpaka lero, ngakhale majeti ali bwino, pa nyanja sindigwira chala malo amodzi nthawi yaitali, ndimasewera nacho, nthawi zina kukanikiza yonse kamphindi kuti petulo wozizira asambitse pisitoni.

Za pansi sindichedwapo chifukwa paipi siisintha zambiri kumeneko. Pa Mikuni VM ya slide yozungulira, ka screw ndi ka mpweya, kulowetsa ndi kukhutitsa, kutulutsa ndi kuchepetsa petulo. Kalowetseni mofatsa mpaka kagunde, osalimbitsa, mukabweze kamodzi ndi theka, ndiye injini itatentha muzitembenuza pang'onopang'ono kufuna pamene ikulira mosalala n'kuyankha chala msanga. Mukapitirira katatu, pilot jet ndi yaikulu, mukatsala pang'ono kutsekeratu ndi yaing'ono. Makabureta ena a slide yafulati ali ndi ka screw ka petulo, kameneko ndi mosemphana, kutulutsa ndi kukhutitsa, ndiye dziwani kaye kuti muli ndi kati.

Nyengo imasintha majeti anu inu muli mtulo

Ichi ndi chomwe chimapangitsa vutoli kubwerabwera. Mwakonza bwinobwino Loweruka masana pa -5, sledi ikuuluka, Loweruka linalo m'mawa kuli -30 ndipo jeti yomweyo yasanduka yaing'ono. Mpweya wozizira ndi wothinana, kuchoka pa 0 kufika pa -30 umalemera ndi pafupifupi 12 peresenti, pamene bowo la jeti lili chomwecho. Ine ndinayesa paipi yanga tsiku lofunda, ndinapsa tsiku lozizira. Mapiri amachita mosemphana. Winnipeg ili cha pa mamita 240 kuchokera pa nyanja yaikulu, mukatenga sledi yomweyo kupita ku mapiri a ku Revelstoke ku British Columbia komwe anthu amakwera mpaka cha m'ma 2000, mpweya wachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa asanu, sledi imakhuta n'kumabwebweta ndipo muyenera kutsitsa majeti. Choopsa ndi pobwerera, munthu wafika kwawo kuchigwa waiwala kubwezera majeti aakulu, Loweruka lotsatira pisitoni yapita. Buku la sledi limakhala ndi tebulo la majeti malinga ndi kuzizira ndi kutalika kwa malo. Manambala ake ndi a paipi ya ku fakitale, koma kusiyana kwa bokosi ndi bokosi kumakuthandizanibe kudziwa kuti mukwere kapena mutsike masaizi angati kuchokera pomwe mwapeza inu. Masledi ena anabwera ndi zodzikonzera zokha, ngati DPM pa Ski-Doo zina ndi ACCS pa Polaris zina, koma zimenezo zimakonza za nyengo kapena mapiri, sizidziwa kuti mwasintha paipi, poyambira muyenera kukonza nokha.

Ngati ndinu waulesi ndipo simufuna kumasula makabureta m'mawa uliwonse, ikani majeti a tsiku lozizira kwambiri lomwe mungayende, ndipo muvomereze kuti masiku ofunda izikhala yolemera pang'ono, pulagi yapadera m'thumba.

Petulo nayenso ali ndi mbali yake. Wosakaniza ndi ethanol 10 peresenti amafuna kuti alowe wochulukirapo ndi pafupifupi 4 peresenti kuti moto ukhale chimodzimodzi, ndiye ngati munayesa ndi wopanda ethanol kenako n'kuthira wa ethanol pa filing'i siteshoni ya kumudzi, mwatsika saizi imodzi kapena kuposa osagwira sipanala. Ndi paipi, thirani wa octane 91 ndipo akhale watsopano, wa chaka chatha uja muthire mu makina otchetchera kapinga. Ena amathira oyilo wowonjezera mu thanki kuti ateteze injini, osadziwa kuti oyiloyo akudutsa pa jeti yomweyo n'kulanda malo a petulo.

Za geji ya kutentha kwa utsi, EGT, ndi yabwino ndipo ndinaika itamangidwanso injini. Ambiri amayamba kuchita mantha ikamayandikira 1250 °F, cha m'ma 675 °C, koma nambala imadalira kuti kachitsulo koyezera kali patali bwanji ndi pisitoni, ndiye ya mnzanu si yanu. Pezani kaye majeti abwino ndi pulagi ndi pisitoni, muone geji ikuti chani pamenepo, imeneyo ndiye nambala yanu. Ndipo dziwani kuti detonation ikayamba geji imatha kutsika, chifukwa kutentha kukulowa mu pisitoni m'malo motuluka ndi utsi. Nambala ikatsika yokha chala chili malo omwewo, si nkhani yabwino.

Majeti ali bwino koma sikuthamangabe

Ndiye yang'anani kilatchi. Sledi ilibe magiya osintha ndi phazi, ili ndi mapule awiri ndi lamba, ndipo ntchito yake ndi kugwira injini pa rpm imodzi, kunena kuti kangati izungulire pa mphindi, pomwe mphamvu ili pachimake. Paipi yatsopano kawirikawiri imasuntha chimake chimenecho, mwina inali 8000 tsopano ikufuna 8300, ndipo two-stroke ikaphonya ndi mazana awiri kapena atatu okha mphamvu imagwa moonekeratu. Yang'anani geji ya rpm muli pa faya yonse. Ikamatsalira pansi pa nambala ya opanga paipi, zolemera za mu kilatchi zichepe kapena sipuling'i isinthe, pa kilatchi ya TRA ya Ski-Doo pali timabawuti ta manambala tongotembenuza. Ikamapitirira, ziwonjezereni. Anthu ambiri apa amachepetsa jeti kuti rpm ikwere, ndipo imakweradi chifukwa utsi wotentha umathamangitsa funde mu paipi, koma akugula rpm ndi pisitoni. Pa chifukwa chomwecho musaweruze pa ulendo woyamba paipi ikadali yozizira, ipatseni maulendo awiri atatu. Lamba wakutha kapena wonyezimira naye amanamiza, yesani ndi wabwino.

Kanthu kena kosakhudza majeti koma kokhudza thumba, m'madera ambiri kuno, ku Quebec ndi m'zigawo zingapo za America, ekizozi yosinthidwa yaphokoso ndi yoletsedwa pa misewu ya masledi ndipo amalipiritsa. Misewu yambiri imadutsa m'minda ya anthu omwe anangolola mwa ufulu wawo, akatopa ndi phokoso amatseka. Ine can yaphokoso ndinaichotsa n'kubwezera ya ku fakitale kumapeto kwa paipi yatsopanoyo, makutu anga omwe anathokoza. Komanso osaliza sledi mu galaja yotseka, utsi wake umapha mwakachetechete.

Pansi pa boneti ya sledi yanga ndinamata kakhadi kokutidwa ndi tepi yoonekera. Nthawi iliyonse ndikasintha kanthu ndimalemba deti, kuzizira kwa tsikulo, malo, main ya PTO, main ya MAG, kampata ka kilipi, petulo yemwe ndathira, ndi mmene pulagi inaonekera. Chinthu chimodzi pa ulendo umodzi, osati ziwiri. Pano kakhadiko kali ndi mizere khumi ndi inayi, ndipo m'mawa kukazizira kupitirira -25 ndimangoyang'ana mzere wa tsiku lofanana nalo, kutenga kasipanala ka 6 mm ndi nsalu yanga yoyala pansi, mphindi khumi ndamaliza tiyi asanazizire.